F9P yanga ikungokhala pa float, thandizeni akuluakulu

Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha thandizo kwa amene munagwirapo ntchito ndi RTKLIB, mapulogalamu owerengera malo molondola kuchokera ku miyeso ya GPS. Ndili ndi ma board awiri a GPS a u-blox ZED-F9P, imodzi ndi base yokhala pamalo amodzi, inayo rover yoyenda nayo popima. Ntchito yake ndi ya kalabu ya alimi othirira kufupi ndi Mitundu. Akufuna kudziwa ngati madzi angayende okha m'ngalande kuchoka padamu kukafika kumunda wakumunsi popanda pampu. Base ili padenga kwathu ku Area 25 ku Lilongwe, ikutumiza ma correction (miyeso yokonzera zolakwika za rover) pa intaneti kudzera pa NTRIP, ndipo rover ndimailumikiza pa laputopu ndi RTKNAVI, pulogalamu ya RTKLIB yowerengera pompopompo. Vuto ndi loti ikungokhala pa float, yankho longoyerekeza, osakhazikika pa fix, yankho lolondola limene ndikufuna. Q, nambala ya mtundu wa yankho (1 ndi fix, 2 ndi float), ikuonetsa 2, ratio ikuzungulira pa 1.1, 1.4, ikakwera kufika 2 yatsikanso. Fix imabwera mwa apo ndi apo, kenako yathawa. Masetilaiti akuoneka ambiri ndithu. Ndiyambire pati?

Chikondi_Linux: Tiyambe ndi izi mchemwali. RTKLIB yake ndi iti? Ija yoyambirira ya Tomoji Takasu, 2.4.2 kapena 2.4.3, kapena demo5 ya Tim Everett? Kenako mutiuze mauthenga a RTCM, onyamula ma correction, amene base ikutulutsa, antena mukugwiritsa ntchito iti, ndipo mwaiika pa chiyani.

Tadala: Ndi 2.4.3, ndinaitenga kwa mnzanga pa flash. Mauthenga ndi 1005, 1077, 1087, 1097 ndi 1127. Antena ndi ANN-MB, zija za maginito zimabwera limodzi ndi board. Ya base ndangoimata pamalata, ya rover ili pansonga ya paipi ya pulasitiki ya mamita awiri.

Chikondi_Linux: Pamenepo pali zinthu zingapo. Choyamba tsitsani demo5, ili pa GitHub, ndi yaulere. Inakonzedwa poganizira ma receiver otchipawa a u-blox, ndipo imadziwa bwino ma signal achiwiri amene F9P imagwira, monga L2C ya GPS ndi E5b ya Galileo, masetilaiti a ku Europe. Muonetsetse kuti pa Frequencies pali L1+L2, osati L1 yokha. Onjezaninso uthenga 1230 ngati mukugwiritsa ntchito GLONASS, masetilaiti a ku Russia. Koma chimene chandidzidzimutsa ndi antena ya rover. ANN-MB imafuna chitsulo chafulati pansi pake. Pansonga ya paipi popanda kanthu imalandira zobwerera kuchokera pansi ngati mmene ikulandirira za kumwamba. Dulani chitsulo chozungulira cha masentimita 10 kapena 12 m'mimba mwake, antena ikhale pakati penipeni.

aMwale: Mwana wanga, musanakhudze kompyuta, yesani mtunda pamapu. Area 25 ili kumpoto kwa tauni, Mitundu kummwera kupitirira Bunda. Pamenepo ndi makilomita 40 kapena kuyandikira. Opanga chipangizocho analemba okha kuti chimalondola sentimita imodzi kuonjezapo 1 ppm, ndiye kuti milimita imodzi pa kilomita iliyonse. Pa makilomita 40 mwafika kale pa masentimita 5 zinthu zonse zili bwino, ndipo izo ndi za m'mbali. Za kutalika, zimene inu mukufuna, zimaipa pafupifupi kawiri. Ngalande yotsetsereka 1 pa 1,000 imatsika masentimita 10 okha pa mamita 100. Ndiye ngakhale fix ibwere lero n'kukhazikika, simungauze alimi kuti akumbe potengera manambala amenewo. Nyamulani base mupite nayo ku Mitundu.

Yamikani: Pepani akuluakulu, ine ndine mlendo pa zimenezi. Float ndi fix zikusiyana pati? Ndimaona ngati ndi nkhani ya kuchuluka kwa masetilaiti basi.

aNachisale: Yami, kumbukira chingwe chodzalira chimanga chija amamangirira zitsekero za botolo pa masentimita 25 aliwonse. Utaima pakati pa munda ukhoza kuona bwinobwino kuti phazi lako lili masentimita angati kuchoka pa chitsekero chapafupi, koma sungadziwe kuti chitsekerocho ndi chachingati kuchokera kumapeto kwa chingwe. Receiver nayonso ili choncho. Funde la L1 la GPS ndi lotalika masentimita 19, la L2 masentimita 24. Kachidutswa ka funde lomaliza imakayesa mpaka mamilimita, koma nambala ya mafunde athunthu pakati pa iyo ndi setilaiti siidziwa. Pa float pulogalamu ikungoyerekeza nambalayo, ndipo ikutuluka ndi madesimo, chinthu chosatheka poti mafunde athunthu sakhala ndi theka. Pa fix yasankha manambala athunthu a masetilaiti onse. Ratio ija ikuyerekeza yankho loyamba ndi lachiwiri lake. Ikakhala 1.1 ndiye kuti awiriwo akufanana mphamvu, palibe chosankhira. RTKLIB imadikira ifike 3.0 isanavomere.

Yamikani: Nanga mtunda ukulowa bwanji pamenepo?

aNachisale: Signal isanafike pansi imadutsa mu ionosphere, gawo lakumwamba kwambiri la mlengalenga, ndi mu mpweya wachinyezi wapafupi ndi dziko, ndipo zonsezi zimaisokoneza liwiro. Base ndi rover zikakhala pafupi, signal ya setilaiti imodzi imadutsa malo amodzimodzi popita kwa zonse ziwiri, ndiye ukachotsera muyeso wa base pa wa rover zolakwikazo zimafafanizika. Zikatalikirana, aliyense akuyang'ana kudzera mu mlengalenga wake, ndipo zotsalira zimafika pa msinkhu wa funde lija. Pamenepo pulogalamu imasokonezeka. Kuno kumadera otentha ionosphere ndi yovuta kuposa ku Europe komwe ambiri olemba malangizo amakhala, makamaka dzuwa likangolowa. Komanso NASA ndi NOAA analengeza mu October 2024 kuti dzuwa lafika pachimake cha nyengo yake ya zaka 11, nthawi imene ionosphere imatakasika kwambiri. Ine ma drone anga ndimaulutsa m'mawa.

Chikondi_Linux: Ndikugwirizana ndi aMwale pa za mtunda, koma denga lija nalonso lisapulumuke. Anthu amaganiza kuti malata ndi chitsulo, ndiye antena yapeza pokhala pabwino. Ayi. Malata ndi opindikapindika, denga ndi lopendekeka, ndipo pafupi pamakhala thanki ya madzi, khoma la gebulo kapena denga la aneba lotalikirapo. Signal imagunda zinthu zimenezi n'kufika pa antena mochedwa, limodzi ndi ija yolunjika. Zolakwika zotere sizifafanizika pochotsera, chifukwa ndi za pa base pokha. Tsegulani fayilo ya base mu RTKPLOT, pulogalamu ya RTKLIB yojambula zotsatira, muone SNR (mphamvu ya signal) potengera elevation (kukwera kwa setilaiti kumwamba). Mzere wabwino umakwera bwinobwino setilaiti ikamakwera. Mukaona ukugwedezeka ngati mano a sowo, ndi zobwerera zimenezo. China, malata amafutukuka dzuwa likawomba, antena ya maginito imasuntha nawo.

Tadala: Ndaona. SNR ya masetilaiti a kuvuma ikukwera ndi kutsika kwambiri, ndipo kumeneko n'komwe kuli thanki yathu. Koma akuluakulu, ndikasamutsira base ku Mitundu ma correction ndiwatumiza bwanji? Kudamu kuja netiweki imabwera ikafuna. Kunyumba ndinkadalira rauta.

Chikondi_Linux: Njira zilipo. Ngati netiweki ikugwirako pang'ono, ikani foni kapena kakompyuta ka Raspberry Pi pa base, pulogalamu ya str2str izitumiza ma correction ku caster, seva yowagawira pa intaneti, monga RTK2go pa port 2101, rover izitenga kumeneko. Musavutike n'kuyesa kulumikiza rover molunjika ku base pa intaneti ya pafoni, nthawi zambiri simulandira IP yoti wina akupezeni kuchokera kunja. Bandulo sidya kwambiri, ma MB ochepa pa ola. Koma muziyang'ana Age pa RTKNAVI. Ikamapitirira masekondi angapo ndiye kuti ma correction akuchedwa, ndipo ikadutsa 30, yomwe ndi malire amene RTKLIB imabwera nawo, imawataya n'kubwerera ku single, GPS wamba yopanda thandizo la base. Mukafuna wailesi, samalani liwiro. Mauthenga anu aja 1077, 1087, 1097 ndi 1127 ndi a MSM7, ndi olemera. Pa kawailesi ka 9600 baud sangakwane bwino sekondi iliyonse, ena amaduka panjira. Sinthani akhale MSM4, ndiye kuti 1074, 1084, 1094 ndi 1124.

aNachisale: Kapena musiye zonsezo. Tadala, kodi mukufunikiradi yankho pompopompo muli kumunda? Ngati simukukhomera zikhomo pamalo owerengeredwa kale, ayi. Jambulani raw data pa base ndi pa rover, mubwere nayo kunyumba, muwerengere mu RTKPOST mukumwa tiyi. Netiweki siilowapo, wailesi siilowapo. Ubwino wina ndi woti mu RTKPOST muli Combined, yomwe imawerengera kuchoka koyamba kupita kumapeto kenako kubwerera, ndiye malo amene fix inachedwa kubwera amakonzeka. Mu u-center, pulogalamu yosinthira masetingi a board, muyatse UBX-RXM-RAWX ndi UBX-RXM-SFRBX zonse ziwiri, ndipo musaiwale kusunga config, apo ayi mukazula chingwe zonse zibwerera mwakale. RAWX ndiyo miyeso, SFRBX ndiyo imakupatsani fayilo ya nav, yonena pomwe masetilaiti ali, mu RTKCONV, pulogalamu yosandutsira mafayilo. Popanda nav RTKPOST imangotha osatulutsa kanthu.

Yamikani: Kodi foni yanga singachite zimenezi? Pa bokosi analemba kuti ili ndi dual frequency.

Chikondi_Linux: Aise, foni yako ikuthandiza kupeza damulo, osati kutsetsereka kwa ngalande. Kaantena kake n'kakang'ono, kamalandira chilichonse chobwerera. Yembekeza mamita angapo.

Tadala: Ndabwerako akuluakulu. Ndinachita monga munanenera. Base ndinaiika pa tripod pakhoma la damu, pamtetete, kutali ndi mitengo ya bulugamu. Owotcherera ku Mitundu anandidulira zitsulo ziwiri zozungulira. Ndi demo5, elevation mask 15 (kusiya masetilaiti otsika kuposa madigiri 15), fix ikubwera m'masekondi ochepa, ratio ikumafika 20, 50, nthawi zina kuposa. Pansi pa mitengo ya mango pokha m'pamene ikugwera pa float. Koma kwatuluka china. Ma pointi amene ndinapima Lachitatu ndi amene ndapima Lachisanu sakugwirizana. Pa kona ya kalavati, pomwe ndinapaka penti, akusiyana mita imodzi ndi theka m'mbali, ndipo kutalika kwasiyana kupitirira mamita awiri. Masiku onse awiri Q inali 1, zobiriwira zokhazokha pa RTKPLOT. Tripod ndinaiimika pa msomali womwewo.

aMwale: Eya, tafika pamene ndinkadikira. Mtundu wobiriwira uja ukungonena chinthu chimodzi: mtunda ndi mbali kuchoka pa base kufika pa rover zadziwika bwino. Sukunena kuti base ili pomwe ikuganiza kuti ili. Mukaiuza base kuti ili mamita awiri kumpoto kwa pomwe yaima, ma pointi anu onse asamukira mamita awiri kumpoto, onse obiriwira, ratio 50. Tiuzeni, ma coordinate a base munawatenga kuti?

Tadala: Mu RTKPOST pa Base Station ndinasankha Average of Single Position.

aMwale: Ndi pamenepo. Tsiku lililonse pulogalamu ikutenga avereji ya malo amene base yadziyerekeza yokha popanda thandizo, ndipo GPS yopanda thandizo imasochera mita imodzi kapena iwiri, lero uku mawa uko. Msomali ndi womwewo, koma nambala zake mwaupatsa ziwiri. Yesani izi muone: chotserani ma coordinate a kalavati a Lachitatu pa a Lachisanu, kenako chitani chimodzimodzi ndi pointi ina iliyonse imene munabwereza. Kusiyana kukhala kofanana ponseponse.

Tadala: Zoonadi bambo. Pa kalavati ndi pa mwala wa pageti kusiyana kukufanana, kukungosemphana ndi sentimita imodzi.

Chikondi_Linux: Survey-in ya mu F9P, pomwe base imadzipezera yokha malo ake, nayo imachita zomwezo, ndikunenera ena amene akuwerenga. Ndipo imanyenga kwambiri chifukwa u-center imaonetsa kanambala ka accuracy kakutsika pang'onopang'ono, munthu n'kumaganiza kuti akadikira kafike 0.3 ndiye kuti base ili mkati mwa masentimita 30. Kanambala kaja kakungonena mmene avereji yakhazikikira, sikakudziwa zolakwika zimene zakhala mbali imodzi nthawi yonseyo. Muzikumbukiranso kuti F9P situlutsa uthenga 1005 mpaka survey-in ithe kapena muipatse malo okhazikika. Ambiri amene amadandaula kuti RTKNAVI ikulandira data koma sikuchoka pa single, vuto limakhala limenelo.

Tadala: Ndiye ndikonze bwanji? Ndipimenso zonse?

aNachisale: Ayi, raw data muli nayo, palibe chatayika. Pa ntchito ya ngalande yokha, sankhani ma coordinate amodzi a msomaliwo, ngakhale a Lachitatu aja, muwalembe pa Lat/Lon/Height mu RTKPOST, muwerengerenso mafayilo a masiku onse ndi manambala omwewo. Madzi safuna kudziwa kuti damu lili pati padziko, akungofuna kusiyana kwa kutalika. Koma ngati mukufuna kuti mapu anu adzagwirizane ndi a anthu ena, kapena ndi zithunzi za drone chaka chamawa, msomaliwo muupezere malo enieni. Siyani base ijambule maola ambiri, 24 ngati pali mlonda ndi batire yokwanira. Sandutsani fayiloyo kukhala RINEX, mtundu wa fayilo umene mapulogalamu ambiri a GPS amawerenga, mu RTKCONV, muitumize ku CSRS-PPP, webusaiti yowerengera malo ya Natural Resources Canada. Ndi yaulere, mumangolembetsa. AUSPOS ya Geoscience Australia nayo ilipo. Amakubwezerani ma coordinate a ITRF, dongosolo la dziko lonse lapansi, olondola masentimita ochepa. Mukadikira masabata awiri kapena atatu musanatumize, amagwiritsa ntchito ma orbit omaliza, omwe ndi olondola koposa. Lembani tsiku limene munajambula pambali pa manambalawo, chifukwa mu ITRF nthaka yathu ino ikuyenda masentimita awiri ndi kanthu chaka chilichonse kulowera kumpoto chakuvuma.

aMwale: Ndipo kutalika kwa antena kulembedwe m'buku tsiku lililonse, ndi tepi, musanayatse ndiponso musanazimitse. Tripod siima pa msinkhu umodzi kawiri. Mukalemba ma coordinate a msomali koma osauza pulogalamu kuti antena ili mita 1.42 pamwamba pake lero ndi 1.47 mawa, mwalowetsa masentimita 5 m'ngalande ndi manja anu. Chabwino koposa ndi kuumba kachipilala ka konkire kokhala ndi bawuti pamwamba, antena izingopotokeredwa pamenepo. Thumba limodzi la simenti litsala.

Yamikani: Madala, mwayamba kuzikonda zipangizo za anazi eti? Paja munkati ndi zidole.

aMwale: Sindinasinthe maganizo kwenikweni. Chipangizocho ndi chabwino, ndaona ndi maso anga chikugwirizana ndi total station, makina athu opimira ngodya ndi mtunda. Chimene ndimadana nacho ndi chizolowezi chimene chimabwera nacho. Makina odula aja amabisa zinthu zambiri kuti wopima asaziononge. RTKLIB imakupatsa mabatani onse, ndipo mwana akatopa ndi float amatsitsa ratio kuchoka pa 3.0 kufika pa 1.5, zonse zabiriwira, wapita kukalandira ndalama. Fix yabodza imaoneka chimodzimodzi ndi yeniyeni. Imakhala phee, sigwedezeka, koma ili masentimita 10 kapena 20 pambali chifukwa nambala ya mafunde yaphonyedwa.

Chikondi_Linux: Apa mukunena zoona bambo, koma mabatani omwewo ndi amene atithandiza kupeza vuto la Tadala tili pafoni. Akanakhala ndi bokosi lotsekedwa tikanamuuza kuti alitumize ku Johannesburg. Ponena za fix yabodza, chimene ndimachenjeza anthu ndi setingi ya RTKLIB yotchedwa Fix and Hold. Ikagwira yankho imalikakamira, zomwe ndi zabwino yankho likakhala lolondola. Likakhala lolakwika imalikakamiranso, ndipo ratio imakwera chifukwa cha kukakamirako, osati chifukwa choti miyeso ikuvomereza. Ndiye ratio 200 pa Fix and Hold musaitenge ngati umboni. Ine ndimawerengera kawiri, kamodzi ndi Continuous, kamodzi ndi Fix and Hold, n'kuziika pamodzi mu RTKPLOT. Zikasiyana pa pointi ina, pointi imeneyo ndimaipimanso.

aMwale: Kupimanso kwake kukhale kwanzeru. Musabwerere nthawi yomweyo mawa lake. Masetilaiti a GPS amazungulira dziko m'maola 11 ndi mphindi 58, ndiye mawa amakhala pamalo omwewo kumwamba, atangofulumira ndi mphindi zinayi. Khoma limene linabweza signal dzulo 9 koloko libwezanso chimodzimodzi lero 9 koloko, inu n'kusangalala kuti manambala agwirizana, chonsecho mwangobwereza cholakwika chomwecho. Pimani m'mawa, mubwerenso patadutsa maola atatu kapena anayi, muzimitse rover n'kuyatsanso kuti iyambe kuwerenga mafunde mwatsopano. Zikagwirizana pamenepo, ndikhulupirira.

Tadala: Ndawerengeranso ndi ma coordinate amodzi a base, tsopano masiku onse akugwirizana, pa kalavati kusiyana ndi masentimita awiri. Koma ndili ndi funso lina, pepani ndachulutsa. A kalabu anandipatsa mapu akale a sikimuyo, a pepala, ali ndi manambala a gridi m'mbali. Ndawasikana n'kuwaika mu QGIS, pulogalamu ya mapu, potengera manambalawo. Damu la pamapu ndi damu langa zatalikirana pafupifupi mamita 300, makamaka kumpoto ndi kummwera. Kodi CSRS-PPP ikonza zimenezi?

aMwale: Siikonza, ndipo palibe cholakwika pa chipangizo chanu. Mapu athu akale anajambulidwa pa dongosolo la ma coordinate la Arc 1950, pa ellipsoid (chibulumwa cha masamu choyerekeza dziko) ya Clarke 1880, gridi yake UTM zone 36 South. GPS imagwira ntchito pa dongosolo lina, WGS 84. Onse awiri amalemba kuti UTM 36, manambala amaoneka ofanana msinkhu, n'chifukwa chake anthu amagwa nazo. Kusiyana kwake kuno ndi kumene mwaonako, mamita pafupifupi 300. Ndinaonapo anthu akukangana za malire a munda mpaka kwa amfumu chifukwa wina anabwera ndi GPS ya m'manja n'kuwerenga manambala a pa pepala lakale.

aNachisale: Mu QGIS, mapu akalewo muwapatse nambala ya gridi EPSG:20936, yomwe ndi Arc 1950 / UTM zone 36S. Ma pointi anu ndi EPSG:32736. Ikakufunsani transformation sankhani ya Malawi, ija ya -161, -73, -317, osati ya dziko lina loyandikana nalo, chifukwa Arc 1950 ili ndi manambala osiyana ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Botswana. Koma musayembekezere masentimita. Manambala atatuwo ndi a dziko lonse, amakufikitsani mkati mwa mamita angapo. Kuonjezapo pepala lofutukuka ndi kusikana kopendekeka. Kuti zigwirizane bwinobwino mumafunika kupima ma bikoni odziwika a m'deralo, manambala ake mukatenge ku Department of Surveys, n'kuwerengera kusintha kwa pamalopo.

aMwale: Ndiwonjezere kamodzi. Kupima ngalande, akalozera, mizere ya mapaipi, chitani momasuka. Koma alimiwo akadzati mutipimirenso malire kuti tikatengere zikalata za malo, imeneyo ndi ntchito ya wopima wa laisensi malinga ndi Land Survey Act ya 2016, kaya chipangizo chanu chikulondola bwanji.

Tadala: Ndamva bambo, za malire sindikhudza. Nanga kutalika? RTKPOST ikundipatsa nambala yosiyana ndi mizere ya pamapu ndi mamita angapo.

Chikondi_Linux: Yang'anani pa Output, pali posankha Ellipsoidal kapena Geodetic. Ellipsoidal ndi kutalika kuchoka pa chibulumwa cha masamu chija, pamene mapu amawerengera kuchoka pa levulo ya nyanja yaikulu. Mukasankha Geodetic imagwiritsa ntchito geoid, chiyerekezo cha levulo ya nyanjayo, ya mkati mwake ndi EGM96 yosalongosoka kwenikweni, koma mukhoza kuipatsa fayilo ya EGM2008. Chachikulu musasakanize. Mafayilo onse atuluke ndi mtundu umodzi, ndipo kutalika kwa base kumene mwalemba kukhale kwa ellipsoid, poti bokosi lija limayembekezera kumeneko.

aNachisale: Pa ngalande yaifupi kusiyana kwa geoid pakati pa mapeto awiri kumakhala kochepa, koma sikuti kulibe. Madzi amatsata geoid, satsata ellipsoid. Ngalande yanu ndi yotalika bwanji, ndipo mwapeza kutsika kungati?

Tadala: Mamita 850 kuchoka potulukira madzi padamu kufika pakona ya munda. Kutsika ndapeza masentimita 62. Koma pakati, pafupi ndi mitengo ya mango ija, pali kamtunda, ndipo pamenepo m'pomwe ma pointi ambiri ali pa float.

aMwale: Masentimita 62 pa mamita 850 ndi kutsetsereka kosafika 1 pa 1,000. Madzi akhoza kuyenda, koma malo olakwitsa ndi ochepa kwambiri, makamaka ngalande ikakhala yadothi yomera udzu. Ndipo malo amene akusankha kuti mukumbe mozama bwanji ndi omwewo amene GPS yalephera. Apa musalimbane ndi masetingi. Khomani zikhomo ziwiri zolimba pamtetete, china kuseri kwa mitengo china kuno, muzipime ndi rover maulendo awiri monga ndanenera, mphindi zingapo chilichonse, ndodo itagwiridwa ndi bipod osati dzanja. Pakati pa zikhomozo mudutse ndi dumpy level, levulo yagalasi yoyesera kusiyana kwa kutalika. Ndipotu ine ndikanayendetsa levulo mzere wonse wa mamita 850, kupita ndi kubwerera. Ndi ntchito ya m'mawa umodzi, ndipo mudzadziwa ngati 62 wanuyo ali 62 kapena 57.

Chikondi_Linux: Musanabwerere kumunda onaninso chingwe. Pa chithunzi cha zipangizo zanu chimene mwatumiza, board ya rover yagona pamwamba pa laputopu pafupi ndi hard drive ya USB 3.0. Zimenezo zimatulutsa phokoso limene limatsitsa SNR. Chotsani drive, board muilowetse pa port ya USB 2.0 ngati ilipo, ndipo chingwe cha antena chisapindidwe pa cholumikizira, timawaya ta SMA timathyokera mkati osaoneka. Mwina pansi pa mango mupezako fix ingapo, ngakhale sindikulonjeza. Mask ya SNR muiike pa 35 muone ngati zisintha.

Yamikani: Ine ndikufuna ndidzaone nawo zimenezi. Ndingabwere kudzagwira staff, ndodo ya manambala yowerengera pa levulo?

aMwale: Bwera, koma udzaigwire mowongoka, osati uku ukuyankha foni. Tadala, levulo ndili nayo, staff ya mamita 5 ndili nayonso, tripod yake ndiyo ili ndi mwendo wolobodoka, mubweretse yanu. Loweruka ndili ndi maliro a kumpingo, tipange Lolemba. Mudzanditenge pa Bunda turn-off 6 koloko, tiyambe dzuwa lisanayambe kuvinitsa manambala pa staff.

Tadala: Zikomo kwambiri bambo, Lolemba lili bwino. Base ndikaisiya Lamlungu madzulo kwa mlonda wa padamu kuti ijambule usiku wonse mpaka tidzamalize, fayilo imeneyo ndiyo ndidzatumize ku CSRS-PPP. aNachisale, pa kujambula kwa maola ambiri chonchi ndiike 1 Hz kapena ndichepetse?

aNachisale: Siyani pa 1 Hz poti fayilo yomweyo mudzaigwiritsanso ntchito ndi rover Lolembalo. Potumiza ku PPP ndi pomwe mudzaichepetse, mu RTKCONV muike Interval pa masekondi 30, ikhala yaing'ono yosavuta kukweza. Muonetsetse kuti power bank yanu si ija imazima yokha ikaona kuti chipangizo chikukoka moto wochepa, F9P imakoka pang'ono kwambiri. Iyeseni kunyumba usiku umodzi kaye.